Mutu 9: Madzi Saiwala Khwawa

M'mwezi wa Seputembala mtsinje umaoneka wofatsa. Wa Mudi ku Blantyre umangotsala timadzi takuda toyenda pakati pa miyala, wa Lingadzi ku Lilongwe ana amauwoloka modumpha, ndipo wa Mwanza ku Chikwawa umasanduka msewu wa mchenga woti ngolo n'kudutsapo. Nyengo yomweyi ndi imene anthu amagula mapuloti, kuumba njerwa ndi kukumba maziko. Munthu amaima pamalo ouma gwaa, nayang'ana kamtsinje kali chapatali uko, n'kufunsa kuti, "Madzi angafike kuno zoona?" Funsoli amalifunsa m'chilimwe, koma yankho lake limabwera m'dzinja, ndipo kawirikawiri limabwera usiku anthu ali mtulo.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Masiku ano mwambiwu timaunena pa munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, koma amene adaupeka ankanena zomwe adaziona ndi maso: pomwe madzi adadutsapo kale, tsiku lina adzadutsaponso. Malamulo onse a kamangidwe m'malo osefukira madzi, kaya olembedwa ku Nyumba ya Malamulo, kaya a khonsolo, kaya a pabwalo la mfumu, adamera pa mfundo imeneyi. Ntchito yawo ndi kukumbukira m'malo mwa anthu zomwe mtsinje udachita zaka zapitazo.

Mtsinje uli ndi bwalo lake

Mtsinje uliwonse uli ndi malo awiri. Pali khwawa lomwe umayendamo masiku onse, ndipo pali chigwa cha m'mbali mwake chomwe umatambasukirako mvula ikachuluka. Khwawa lili ngati nyumba yake, chigwa ngati bwalo lake. Mtsinje womwewo ndiwo udasalaza chigwacho pothira matope chaka ndi chaka. N'chifukwa chake nthaka ya kudimba imabereka ngakhale popanda feteleza, n'chifukwa chakenso malo otere ndi osavuta kukumba ndipo chitsime sichichedwa kutulutsa madzi. Zinthu zomwe zimakopa womanga nyumba ndi zomwezo zimene zikumuuza kuti malowo ali ndi mwini wake.

Nthaka imalankhula kwa wodziwa kuiwerenga. Pomwe pamamera bango, nsenjere kapena gumbwa, madzi amakhalapo. Dothi lakuda lamakande, long'aluka m'chilimwe, ndi dothi la m'dambo. Mukamakumba maziko n'kupeza mchenga woyera utasanjikizana ndi matope, kapena timiyala tobulungira tosalala, dziwani kuti mtsinje udagonapo pamenepo. M'mphepete mwa phiri chizindikiro ndi china: miyala ikuluikulu yondanda kunsi kwa khwawa siidamere pomwepo ngati bowa. Idatsika kuchokera kumtunda, ndipo chomwe chidaitsitsa chikhoza kutsitsanso ina.

Akatswiri a za madzi akamajambula mapu a malo oopsa amakamba za chigumula cha kamodzi pa zaka 100. Mawuwa amapusitsa anthu ambiri, poganiza kuti chigumula chotere chikachitika chaka chino ndiye kuti tapuma mpaka adzukulu athu atakalamba. Tanthauzo lake ndi lina. Tiyerekeze dengu la nyemba 100, imodzi yokha yofiira. Chaka chilichonse mumapisamo dzanja mutatsinzina, kutola imodzi, n'kuibwezeramo. Yofiirayo ikhoza kutuluka zaka ziwiri zotsatizana. M'zaka 30, nthawi yoti mwana wobadwira m'nyumbamo akhale ndi banja lake, kuthekera koti yatulukapo kamodzi kumafika pa 26 pa 100 aliwonse. Ndipo tikamadula mitengo m'mapiri, mitsinje n'kumakwiririka ndi mchenga, nyengo nayo n'kumasintha, timakhala tikuthira nyemba zina zofiira m'dengumo.

Zomwe madzi atiphunzitsa

Malamulo athu ambiri a za ngozi adalembedwa maliro atachitika kale. Mu Disembala 1946 mvula yamphamvu idagumula mbali ya phiri la Zomba, matope ndi miyala n'kutsikira m'tauni yomwe panthawiyo inali likulu la dziko. Anthu adati napolo wadutsa. Mu Malichi 1991 napolo adatsikanso m'phiri la Michesi ku Phalombe, napha anthu mazanamazana. Chaka chomwecho dziko lidakhala ndi lamulo lake loyamba la za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ngakhale kuti mtima wa lamulolo unali pa kupereka thandizo ngozi ikachitika.

Mu Januwale 2015 madzi adasefukira m'maboma 15. Anthu oposa 1 miliyoni adakhudzidwa, pafupifupi 230,000 adathawa m'nyumba zawo, 106 adamwalira ndipo 172 adasowa. Ku Makhanga m'boma la Nsanje mtsinje wa Ruo udasiya njira yake n'kudzera m'midzi, anthu n'kumapulumutsidwa ndi mabwato ndi ndege za helikopita. Kudabwera namondwe wa Idai mu 2019, kenako wa Ana mu Januwale 2022, yemwe adaononga damu la Kapichira n'kusiya dziko mumdima. Pamapeto pake kudadza Freddy mu Malichi 2023. Chiwerengero cha boma chidati anthu 679 adamwalira, 537 adasowa, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala. Ku Blantyre matope a m'phiri la Soche adatsikira ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo usiku, ndipo zomwezo zidachitika ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe.

Mvula ya Freddy inali yosaneneka, ndipo palibe lamulo likadailetsa. Koma kuti mvulayo ipeza ndani panjira pake, imeneyo inali nkhani ya anthu. Nkhani ya nyumba zokwera m'phiri la Soche, lomwe ndi nkhalango yotetezedwa, inali itakambidwa kwa zaka zambiri namondweyo asadafike.

Lamulo lili m'manja mwa yani?

Malamulo a kamangidwe ali ngati mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi malamulo a dziko lonse. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 lidaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, pomwe kale ndondomekoyi inkagwira m'matauni ndi madera ochepa osankhidwa. Lamulo la za madzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017 amateteza mitsinje, madambo ndi magombe. Mu Epulo 2023, patangotha mwezi umodzi Freddy atadutsa, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la za ngozi, lomwe limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti dera lakutilakuti ndi loopsa ndi kusamutsa anthu okhalamo. Nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA ndi yomwe imatsogolera ntchito zotere.

Fuwa lachiwiri ndi khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo ogwira ntchito m'dera lawo lokha. Izi n'zofunika chifukwa ngozi ya ku Nsanje ndi yosiyana ndi ya ku Ndirande. Kuchigwa cha Shire madzi amakwera n'kukhala masiku ambiri atadikha pamalo aakulu. M'mapiri a Blantyre amatsika ndi liwiro, atanyamula miyala, ndipo pakutha pa ola limodzi zonse zachitika. Ku Karonga womanga ayenera kuganizira mtsinje wa North Rukuru komanso zivomezi, monga zomwe zidagwetsa nyumba zambiri mu Disembala 2009. M'tauni, munthu asadayambe kumanga amayenera kupereka pulani ya nyumba yake ku khonsolo kuti alandire chilolezo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito kapena kugwetsa chomwe chamangidwa mozemba.

Fuwa lachitatu ndi mfumu ndi anthu ake. Amalawi ambiri sadapiteko ku ofesi ya mapulani chibadwire. Malo adawapatsa ndi amfumu, kapena adagula kwa mwini munda pamaso pa mfumu ya m'dera. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, momwe amayi ali ndi mipando yawo. M'midzi yambiri mulinso makomiti a za ngozi, omwe amayang'anira mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira m'mbali mwa mitsinje. Madzi akafika pofiira, a kumtunda amaimbira foni a kumunsi, ndipo kumunsiko kumalira wenzulo ndi ng'oma. Fuwa limodzi likachoka, mphika sukhala. Khonsolo ingalembe bwanji, ngati amfumu akugawabe malo m'dambo, nyumba zidzamera m'dambo.

Kodi malamulowa amati chiyani?

Mfundo yoyamba ndi ya malo. Pali malo oti munthu asamangepo ngakhale ali ndi ndalama zotani: m'khwawa, m'dambo, pagombe penipeni pa mtsinje, pamalo otsetsereka kwambiri ndi kunsi kwa makwawa otsika m'phiri. M'mbali mwa mtsinje uliwonse mumayenera kusiyidwa mpata wopanda nyumba, waukulu molingana ndi kukula kwa mtsinjewo, momwe mumamera mitengo, nsungwi, bango ndi vetiva. Mizu ya zomerazi imagwira gombe, ndipo madzi akamadutsa pakati pake liwiro limachepa. Nyanja nayo ili ndi malire ake. Mu 2024 nyanja ya Malawi itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena, bungwe loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority lidakumbutsa anthu za mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, womwe kunsi kwake ndi malo a nyanja.

Mfundo yachiwiri ndi ya msinkhu. Pomwe kumanga kwaloledwa koma madzi amafikapo nthawi zina, pansi pa nyumba payenera kukhala pamwamba kuposa pomwe madzi adalekezera pa chigumula chachikulu chomwe anthu akukumbukira, n'kuonjezerapo pang'ono. Chizindikirocho chimapezeka pa khoma la tchalitchi kapena la sukulu pomwe matope adasiya mzere, pa mtengo wa mango pomwe zinyalala zidakodwa m'nthambi, ndi m'mitu mwa agogo omwe adagona mumtengo usiku umenewo. Anthu a kuchigwa cha Shire adaidziwa kalekale nzeru imeneyi. Ankamanga pachulu kapena pamalo okwezedwa ndi dothi, ndipo ankakhoma nsanja yaitali yoikapo chakudya, katundu ndi ana madzi akabwera.

Mfundo yachitatu ndi ya zomangira. Kuti timvetse, tiyeni tione momwe nyumba ya zidina imagwera. Madzi safunika kufika pawindo. Akangozungulira nyumba kufika m'mawondo, mizere iwiri kapena itatu ya pansi imayamba kumwa. Dothi lomwe lidagwira njerwa limasanduka phala, njerwa zosaotchazo n'kufewa ngati chigumu chonyowa. Pamwamba khoma likadali louma ndi lolemera, denga lili pompo, koma miyendo yatha. Kumamveka kaphokoso kochepa, mng'alu n'kuthamanga kuchokera pakona, khoma lonse n'kukhala pansi kamodzin'kamodzi. Anthu ambiri ovulala pa nthawi ya mvula amavulala motere, ali m'nyumba zawo.

N'chifukwa chake malangizo a boma a kamangidwe ka nyumba zolimba, omwe adatuluka pambuyo pa zivomezi za ku Karonga, amalimbikira za kunsi kwa nyumba. Maziko akhale akuya, a miyala, njerwa zootcha bwino kapena mabuloko, omangidwa ndi simenti mpaka kupitirira pomwe madzi angafike. Pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lapulasitiki lochindikala loletsa chinyontho kukwera. Pamwamba pa mawindo padutse lamba wa konkire womanga makoma onse pamodzi, denga limangiriridwe ku khoma ndi waya, ndipo litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma. Khonde lozungulira nyumba lili ndi ntchito yoposa kukhalapo madzulo, chifukwa limatchinjiriza maziko. Munthu amene matumba a simenti amuchepera, ndi bwino awathere pansi kusiyana ndi kuwathera pa pulasitala wokongoletsa kumaso.

Mfundo yachinayi ndi ya njira ya madzi. Ndowa imodzi ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo aliyense amene adasenzapo madzi akudziwa. Tsono ganizirani ndowa zikwizikwi zikuthamanga nthawi imodzi. Madzi otere mukawatsekera, amakaboola kwina. Munthu akamanga mpanda wa njerwa modutsa ngalande, amakhala wapatutsira mtsinje m'nyumba ya mnzake wa kumunsi. Zinyalala zotayidwa m'ngalande zimatseka makalavati, msewu n'kusanduka mtsinje. Okumba mchenga m'munsi mwa milatho ndi m'magombe amafooketsa nthaka. Malata ndi mabwalo a konkire akachuluka m'tauni, mvula imasowa polowera ndipo yonse imathamangira kumtsinje nthawi imodzi. N'chifukwa chake anthu a ku Mtandire ndi Kawale ku Lilongwe aona madzi akulowa m'nyumba zomwe kale sankafikamo. Malamulo a khonsolo oletsa zinthuzi amaoneka aang'ono, koma ndi amene amasunga mtendere pakati pa wa kumtunda ndi wa kumunsi.

Mfundo yachisanu ndi ya zinthu za onse. Chimbudzi chokumba chikamira, zonse za m'dzenjemo zimalowa m'chitsime, ndipo kolera amatsatira chigumula ngati mthunzi. Chimbudzi chiyenera kukhala kutali ndi kumunsi kwa chitsime, dzenje lake lomangidwa m'mbali, pakamwa pake pokwezedwa. Mjigo nawo umafuna chiunda chokwera. Sukulu, chipatala ndi tchalitchi ziyenera kumangidwa pamalo okwera kuposa pena paliponse, chifukwa ndi komwe mudzi wonse umathawira, ndipo njira yopita kumeneko isadutse pamtsinje.

Chifukwa chiyani anthu amamangabe?

N'kosavuta kunena kuti omanga m'malo oopsa ndi osamva. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, mwa iwo pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mumzinda wa Blantyre. Nthaka ndi yomwe ija. Mapuloti ovomerezeka ndi ochepa, odula, ndipo njira yowapezera ndi yaitali. Mlonda, wogulitsa tomato kapena wakabaza yemwe watopa ndi lendi amapita komwe thumba lake likufika, ndipo malo otchipa m'tauni ndi omwe ena onse adawakana: m'phiri, m'dambo, m'mbali mwa mtsinje. Ngoziyo amaidziwa. Koma mwininyumba amabwera mwezi ndi mwezi, pomwe napolo amatha zaka osaoneka.

Kuchigwa cha Shire nkhani ndi ya chakudya. Anthu a kwa mfumu Nyachikadza, m'dambo la Ndindi ku Nsanje, akhala akupemphedwa kwa zaka zambiri kuti asamukire kumtunda, ndipo ambiri akana. Madzi omwe amagwetsa nyumba zawo ndi omwewo amasiya chinyontho chodzalapo chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, ndi omwewo amabweretsa nsomba. Kumtunda nthaka ndi youma ndipo ili ndi eni ake. Mfumu ikasamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo, ndipo manda a makolo amatsala m'mbuyo. Kuuza munthu wotere kuti "samuka" popanda kumuonetsa munda, mjigo, sukulu ndi msika ndi kumusankhitsa pakati pa madzi ndi njala. Mabanja ena adapeza njira yawo: nyumba yeniyeni, ana ndi nkhokwe kumtunda, kudimba kachisakasa kogonamo nthawi yolima. Lamulo lanzeru limayambira pa nzeru yotereyi.

Tisaiwalenso kuti ophwanya malamulowa si osauka okha. M'madambo a m'mizinda yathu mwamera nyumba zosanja, malo ogulitsira mafuta ndi mipanda italiitali, zomwe eni ake sadasowe pogwira. Lamulo likamagwetsa kanyumba ka zidina n'kulambalala nyumba ya matailosi yomwe yatseka dambo lonse, anthu amaleka kulilemekeza. Pomwe chilolezo chimagulidwa mseri, amene amalipira mtengo wake weniweni ndi banja la kumunsi lomwe silidalandire kanthu.

Nthawi yabwino ya lamulo

Kugwetsa nyumba yomwe munthu waimanga zaka zisanu, njerwa imodziimodzi, ndi chinthu chowawa, ndipo nkhani zotere zimathera m'makhoti ndi m'misonkhano ya ndale. Lamulo limagwira bwino ntchito likafika msanga, tsiku lomwe mmisiri akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe. Kuti zitero, malire a malo oopsa ayenera kuoneka ndi maso, pokhoma zipilala zopakidwa utoto kapena kudzala mzere wa mitengo, kuti wogula, wogulitsa ndi amfumu onse aone chinthu chimodzi. Mapu otsekeredwa mu kabati ya ofesi sapulumutsa munthu. Khonsolo iyeneranso kutsegula malo ena otetezeka, okhala ndi msewu ndi madzi, pa mtengo woti munthu wamba n'kuukwanitsa. Ndipo pomwe anthu achokapo padzalidwe mitengo kapena pakhale bwalo la mpira msangamsanga, chifukwa malo ongokhala amaitana wina.

Wogula malo naye ali ndi mbali yake, ndipo siifuna ndalama. Kaoneni malowo mu Febuluwale mvula ili pakati, musadalipire. Funsani ku khonsolo ngati derali ndi lololedwa kumangamo. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana nawo ngati ali ndi mzere wa matope. Kenako fufuzani munthu amene wakhalitsa m'deralo kuposa onse, osati amene akukugulitsaniyo, mukhale naye pansi.

"Agogo, kodi madzi a 2015 adalekezera pati?"

Mwina sayankha ndi pakamwa. Adzadzuka pamkeka, n'kukutengerani ku mtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba, n'kuika dzanja pa thunthu, pamwamba pa mutu wa mdzukulu wawo amene waima pambali. "Apa, mwanangu. Mbuzi tidazikweza padenga."

Yezani msinkhu umenewo ndi ndodo, mupite nayo pamalo omwe mukufuna kumanga, muiimike pomwe padzakhale chipinda cha ana. Zomwe ndodoyo ikuuzeni ndi zomwe lamulo la khonsolo likuyesa kunena m'ndime zake zonse, ndipo mukazimva zikhomo zisadakhomedwe, kusuntha chingwe kupita nacho kumtunda ndi ntchito ya m'mawa umodzi.